Njanji ikazulidwa sibwerera: nkhani ya Somerset and Dorset

Abale anga, boma likafuna kutseka chinthu silisowa chifukwa. Limayamba lachimana chakudya, kenako nkumauza anthu kuti taonani kuonda kwake. Ine ndikamaganiza za khalidweli, ndimakumbukira njanji ina ya kumidzi ku England yotchedwa Somerset and Dorset.

Njanjiyi inabadwa m'chaka cha 1862 pomwe makampani awiri ang'onoang'ono anaphatikizana. Mu 1874 eni ake anaifikitsa ku mzinda wa Bath, koma ntchito yoboola mapiri a Mendip inawadyera ndalama zonse, moti posakhalitsa anaibwereketsa kwa makampani akuluakulu awiri, Midland ndi London and South Western. Kuchoka ku Bath kukafika ku Bournemouth kunyanja unali ulendo wa mamailosi oposa 70.

Sinali njira yamasewera ayi. Zitunda zake zinali zoti sitima yolemera imafuna mainjini awiri kuti ikwere pa Masbury. Pafupi ndi Bath panali mphanga ya Combe Down, yotalika kuposa mailosi imodzi koma yopanda potulukira utsi. Mu 1929 woyendetsa sitima ya katundu ndi womuthandiza wake anakomoka ndi utsi m'menemo, sitimayo nkutsetsereka yokha mpaka kukagubuduka ku Bath. Anthu atatu anafa.

Komabe njanjiyi ndiyo inali moyo wa anthu. Inkanyamula malasha a ku Radstock, mkaka wa alimi, ana asukulu. Nthawi ya tchuthi, sitima ya Pines Express inkadzaza ndi mabanja ochokera ku Manchester okapuma kunyanja.

Nanga chinaipha nchiyani? Mu 1958 mbali ya kumpoto inaperekedwa m'manja mwa nthambi ina ya British Railways, ndipo katundu anayamba kumudutsitsa njira zina. Mu September 1962 Pines Express inayenda komaliza pa njanjiyi, naisamutsira kwina. Chaka chotsatira, 1963, Dr Richard Beeching anatulutsa lipoti lake lofuna kutseka masiteshoni 2,363 ndi mamailosi pafupifupi 5,000 a njanji m'dziko lonse. Somerset and Dorset inali pa mndandandawo, ati chifukwa sikupanga phindu. Ikanapanga bwanji phindu atailanda kale makasitomala?

Anati aitseka mu January 1966, koma mabasi olowa m'malo mwake sanakonzeke. Ndiye kwa miyezi iwiri anthu anazunzika ndi sitima zowerengeka, mpaka pa 7 March 1966 pomwe sitima zonse za anthu zinathera.

Zotsala zake zilipo ndithu. Siteshoni ya Bath Green Park denga lake lachitsulo lidakalipo, koma pansi pake mmalo mwa sitima pali msika ndi poimika magalimoto. Ku Shepton Mallet mlatho wa Charlton udakaima chiimire, wopanda chodutsapo. Ku Midsomer Norton ndi ku Shillingstone anthu ongodzipereka anakonzanso masiteshoni nkuyalanso timizere tochepa ta njanji. Mphanga ya Combe Down ija inatsegulidwanso mu 2013, koma ya anthu apansi ndi apanjinga.

Zonsezi nzosangalatsa kwa mlendo wojambula zithunzi. Koma gogo wa ku Radstock wofuna kupita kuchipatala ku Bath sangakwere chikumbutso.

Ena anena kuti nthawi inasintha, anthu anagula magalimoto, ndipo boma silikanapitiriza kutaya ndalama. Ndikuvomereza kuti sitima zina zinkayenda zopanda anthu. Koma kuimitsa sitima nkwina, kuzula njanji nkugulitsa malo nkwinanso. Taonani ku Okehampton, m'chigawo cha Devon. Sitima za anthu zinasiya kufikako mu 1972, koma njanji inasiyidwa chifukwa inkanyamula miyala ya ku kwale ya Meldon. Mu 2021 sitima za tsiku ndi tsiku zinayambiranso. Ku Somerset and Dorset zoterezi nzovuta, poti pomwe pankadutsa njanji ena anamangapo nyumba, pena msewu, pena milatho anagwetsa.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Amene ali ndi mphamvu yotseka chinthu cha anthu, ngati nkofunikadi, atseke ndi loko, osati ndi nkhwangwa. Mawerengero a ndalama a chaka chimodzi asamagamule za zidzukulu zomwe sizinafunsidwe.