Ndani agwire buku la kooperativa?

Anzanga a m'kooperativa, taonani zimene zimachitika pa tsiku losankha. Pakufunika mlembi. Pakufunika wosunga ndalama. Pakufunikanso wina woti apite ku Ulongue kukaphunzira za mbewu ndi feteleza. Abambo amakweza manja msanga, ngakhale aja amene sanamalize buku loyamba. Amayi amayang'ana pansi. Wina amati: "Sankhani abambo, ife tizilima."

Koma m'kalasi mwathu ambiri odziwa kuwerenga bwino ndi amayi. Pokumba mbatata ya kachewere, iwo ndiwo amadziwa thumba lodzaza ndi thumba loperewera.

Ndinafunsa mayi wina chifukwa chake amakana. Anandiseka.

"Aphunzitsi, mukuyesa kuti sindifuna? Ndikapita ku Ulongue sabata yathunthu, madzi atunga ndani? Kuchigayo apita ndani? Ndikabwerako, anthu adzati mkazi uja wayamba kuyendayenda."

Ndinasowa choyankha, pakuti ananena zoona. Mwamuna akalandira udindo, mudzi umati wakula. Mkazi akalandira udindo, anthu amayamba afunsa ngati mwamuna wake walola. Bambo akalakwitsa samu pa msonkhano, timaseka, mawa taiwala. Mayi akalakwitsa, mumamva kumbuyo: "Suja tinanena!" Tsono mayi amayeza zonsezi mumtima asanakweze dzanja. Ife timangoona dzanja lili pansi, n'kumati safuna.

Anzathu ena anakumana nalo kale vuto limeneli. Bungwe la amayi la OMM linayamba mu 1973, nkhondo ya ufulu isanathe. M'zaka za m'ma 1980, alimi a m'madimba ozungulira Maputo anagwirizana m'bungwe la União Geral das Cooperativas. Ambiri anali amayi, ndipo Celina Cossa analitsogolera zaka zambiri. Ankalima ndiwo zamasamba, ankaweta nkhuku ndi nkhumba. Anatsegulanso nyumba zosungiramo ana masana, kuti mayi apite kumunda ndi kumsonkhano mtima uli m'malo. Ndipo Luísa Diogo, mwana wa kuno ku Tete, anali nduna yaikulu ya dziko lathu kuyambira 2004 mpaka 2010.

Buku la kooperativa si chinthu chamasewera. Wogwira buku ndi sikelo ndiye amadziwa makilo a munthu aliyense ndi ndalama zake. Wosaona m'buku amangouzidwa.

M'kalasi mwathu tapangana kukanena izi pa msonkhano. Pa sikelo pakhale anthu awiri, mayi ndi bambo: wina ayeze, wina alembe. Mayi akatumidwa kukaphunzira, anzake amupalirire munda ndi kumtungira madzi mpaka abwere. Mwamuna wake akauzidwe ndi akomiti onse, osati ndi mkazi yekha usiku.

Tsopano tengani pensulo. Mayi wabweretsa matumba 14 a mbatata. Thumba lililonse ndi makilo 50. Mlembi walemba makilo 650. Kodi mayiyu wataya makilo angati?