Onse amafuna boma locepa, koma savota cimodzimodzi

Kodi boma liyenera kukhala ndi mphamvu zocuruka bwanji pa moyo wanu? Ku United States kuli anthu amene amayankha kuti zocepa kwambiri. Anthuwa amachedwa libertarian. Liwuli ndi pacibale ndi liwu la Cipwitikizi lija mumalidziwa kale, liberdade, ufulu. Iwo amati munthu azicita zimene afuna ndi thupi lake ndi ndalama zake, bola asapweteke mnzake. Misonkho icepe, ndipo boma lisalowerere pa malonda.

Koma boma licepe mpaka pati? Apa ndiye pali mkangano. Robert Nozick, mphunzitsi wa ku Harvard, analemba mu 1974 kuti boma likhalepo, koma nchito yake ikhale kuteteza anthu kwa akuba, aciwawa ndi onyenga basi. Murray Rothbard anati ayi, boma lisakhalepo n'komwe, ngakhale apolisi ndi makhoti zikhale za makampani. Ine izi za Rothbard zimandivuta. Nanga mlimi wopanda ndalama, akamubera mbuzi, adzathamangira kwa ndani?

Cisankho cikafika, mkangano umakula. Cipani cao, Libertarian Party, cinayamba mu 1971, koma sicinapambanepo upulezidenti. Kumeneko amapambana ndi a zipani ziwiri zazikulu, Democratic ndi Republican. Pamene cipanici cinacita bwino koposa, mu 2016, Gary Johnson anapeza mavoti atatu okha pa 100 alionse.

Ndiye mukanakhala inu mukanatani? Ena amavotera cipani caoco ngakhale akudziwa kuti ciluza, kuti mau ao amveke. Ena amati kumeneko n'kutaya voti, bola kulowa m'cipani cacikulu n'kucisintha uli m'kati. Ron Paul, dokotala wa ku Texas, anayesa njira zonse ziwiri: mu 1988 anaimira Libertarian Party, ndipo mu 2008 ndi 2012 anapikisana m'cipani ca Republican. Aliponso amene savota dala. Amati kuvota n'kuvomera kuti wina akulamulire.

Mu 2024 Donald Trump anapita ku msonkhano wao waukulu ku Washington kukapempha mavoti. Ena anamuombera m'manja, ambiri anamukuwiza. Msonkhanowo unasankha Chase Oliver kuti aimire cipani, koma ngakhale atsogoleri ena a cipanico m'madera anakana kumuthandiza. Pa cisankho sanafike ngakhale voti imodzi pa 100.