Za Ayurveda: chakudya inde, mibulu ndikukayika

Mphunzitsi mnzanga wodwala shuga anabwera kusukulu ndi kabotolo ka mankhwala a Ayurveda, ati asiye a kuchipatala. Ndinamupempha kuti ayambe wadikira.

Ayurveda ndi njira yakale yochizira matenda ya ku India, ndipo boma lakumeneko linakhazikitsa unduna woyang'anira njira zoterezi mu 2014. Asing'anga ake amati thupi limayendera mphamvu zitatu, vata, pitta ndi kapha, ndipo imodzi ikaposa zinzake matenda amalowa. Chithandizo chimayambira pa mbale. Wa shuga amamuletsa zotsekemera ndi zonona, n'kumupatsa balere, nyemba ndi karela, kankhaka kowawa ngati ndulu. Kukhuta ndi masana, madzulo n'kungolawa. Wa nyamakazi amamutikita ndi mafuta ofunda. Apa sindikuonapo choipa, ngakhale za mphamvu zitatuzo sindingaziphunzitse m'kalasi ya sayansi.

Nkhawa yanga ili pa mibulu, poti ina amaisakaniza dala ndi zitsulo. Mu 2008 ofufuza a ku America anapeza mtovu, mercury kapena arsenic m'mankhwala amodzi mwa asanu alionse amene anagula pa intaneti. Mtovu umawononga impso, zomwe shuga amazifooketsa kale.

Mnzangayo akumwabe metformin wake. Kabotolo sanakataye, akuti kanamudyera ndalama zambiri.