Kusamuka M'mzinda Waukulu Kufuna Kukonzekera

Masiku ano ndi mabanja owerengeka okha a m'midzi amene alibe mbale wao m'tauni. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre, ndi 989,318 mumzinda wa Lilongwe. Ochuluka ndithu mwa anthu amenewa sakhala m'nyumba zaozao koma za lendi, ndipo munthu wa lendi sakhalitsa malo amodzi. Mwina mwini nyumba wakweza mtengo, mwina ntchito yasintha, mwina ana achuluka ndipo chipinda chimodzi sichikukwananso. Chotero kusamuka ndi nkhani imene aliyense wofuna kukakhala ku Blantyre ayenera kuidziwa asananyamuke kwao.

Kumudzi kusamuka sikuvuta kwenikweni. Mfumu ipereka malo, abale athandiza kusenza katundu pamutu kapena pangolo, mayi aphika thobwa, ntchito yatha. Koma mumzinda chilichonse chilira ndalama, ndipo wosakonzeka bwino ataya m'tsiku limodzi zimene anakhetsera thukuta miyezi itatu.

Ntchito yoyamba, imenenso iposa zonse kukula, ndiyo kuona nyumba ndi maso. Pali anthu otchedwa maejenti amene ntchito yao ndi kupezera anzao nyumba. Ena ndi okhulupirika, koma ena aonetsa mlendo nyumba imene si yao, nalandira ndalama, nazimirira. Tsiku losamuka munthu afika ndi lole yodzala katundu, napeza banja lina lili phee m'nyumbamo, likudya nsima. Njira yopewera tsoka lotere ndi yapafupi: ndalama ya lendi iperekedwe kwa mwini nyumba yekha, pamaso pa mboni, ndipo alembe risiti. Ngati pali chikaiko, oyandikana nayo nyumbayo adziwa mwini wake weniweni, ndiponso m'madera monga Ndirande, Bangwe, Mbayani ndi Chilomoni muli mafumu ndi atsogoleri a mabuloko amene angathe kuchitira umboni. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Poona nyumba anthu ambiri ayang'ana utoto wa pakhoma ndi kukula kwa zipinda. Zimenezi n'zabwino, koma ku Blantyre chofunika koposa ndi malo pamene nyumbayo yaima. Mzindawu unamangidwa pakati pa mapiri, monga Soche, Ndirande, Michiru ndi Bangwe, ndipo nyumba zotsika mtengo kawirikawiri zili m'matherezi a mapiri kapena m'mphepete mwa mitsinje ngati Mudi ndi Nasolo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, nakwirira nyumba zambiri ku Chilobwe, ndipo anthu ochuluka anatisiya. Nyumba imene ioneka youma bwino mu Okutobala ingathe kukhala panjira ya madzi mu Febuluwale. Wanzeru ayang'ana m'tsinde mwa khoma ngati muli chizindikiro cha chinyezi, ayang'ana kudenga ngati malata ali ndi zibowo, nafunsa mayi wina wokhalitsa pamalopo kumene madzi amvula amadzera. Aonenso chimbudzi, ndi kuwerenga mabanja amene achigwiritsa ntchito. Kutsika mtengo kwa lendi nthawi zina kuli ndi chifukwa chake chimene mwini nyumba sanena.

Atagwirizana, pangano lilembedwe papepala, ngakhale la m'kope la mwana wa sukulu. Lionetse mtengo wa pamwezi, tsiku lolipira, miyezi imene yaperekedwa patsogolo, ndi nthawi ya notisi ngati wina afuna kuthetsa panganolo. Eni nyumba ambiri afuna lendi ya miyezi itatu poyamba. Tsono munthu ayenera kukumbukira kuti kumene akuchokako nakonso afuna notisi, kawirikawiri ya mwezi umodzi. Amene aiwala zimenezi alipira nyumba ziwiri mwezi umodzi, ina akugonamo, ina mukugona makoswe.

Nkhani ya madzi ndi magetsi yadanitsa anthu ambiri. Ngati nyumba ili ndi mpope wakewake wa Blantyre Water Board, wolowa apemphe kuona bilu yomaliza, pakuti ngongole ya amene anatuluka ingathe kudulitsa madzi kwa amene walowa kumene. Manambala a pamita alembedwe tsiku lolowa, mwini nyumba akuona. Magetsi a ESCOM m'nyumba zambiri ndi ogula mayunitsi, choncho nambala ya mita isungidwe bwino. Koma pamene mabanja anayi kapena asanu agawana mita imodzi, ndi bwino kumva msanga m'mene amasonkhera, ndi ngati aloleza kuphikira kapena kusitira pa magetsi. Kumene kulibe mpope, afunse kutalika kwa kiyosiki ndi nthawi imene amatsegula, chifukwa amene adzasenza ndowa tsiku ndi tsiku ndi mayi ndi ana, osati bambo amene anasankha nyumbayo.

Za galimoto tsono. Malole ndi mapikapu a hayala apezeka m'malo ambiri ku Limbe ndi ku Blantyre. Mtengo upanganidwe galimoto isanalize injini, ndipo dalaivala auzidwe zoona zenizeni za katundu ndi za njira. M'madera ambiri msewu uthera patali ndi khomo, kotero kuti katundu ayenda mtunda wotsalawo pamutu kapena pawilibala, ndipo anyamata onyamulawo nawo afuna zao. Zimenezi zikatulukira pa mphindi yomaliza, mtengo ukwera katundu ali kale m'mwamba, pamene mwini wake alibenso mphamvu yokana. Kumapeto kwa mwezi osamuka achuluka ndipo eni malole auma mtima pa mtengo, koma pakati pa mwezi amvetsa. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, lole yopanda lona ndi yosayenera kuilemba ngakhale itsike mtengo chotani. Msewu wa Masauko Chipembere, wolumikiza Blantyre ndi Limbe, udzaza kwambiri m'mawa anthu akupita ku ntchito ndi madzulo akuweruka, choncho nthawi yabwino ndi chakum'mawa ndithu kapena dzuwa litakwera.

Alipo ena amene akonda kusamuka usiku. Ena achita manyazi kuti anzao angaone mipando yothyoka, ena aopa maso a anthu, ndipo ena, kunena zoona, akuthawa ngongole ya lendi. Manyaziwo ndi achabe, popeza palibe banja lopanda mphika wobooka. Usiku katundu agwa panjira osaoneka, akuba asakanikirana ndi othandiza, ndipo apolisi ali ndi chifukwa chokwanira choimitsa lole yonyamula wailesi ndi matiresi pakati pa usiku.

Kumanga katundu kuyambe sabata imodzi tsiku lisanafike. Makatoni apemphedwe ku magolosale. Mbale zosweka ndi matambula zikulungidwe m'zitenje ndi m'zovala, zolemera monga mtondo, mbaula ndi matumba a chimanga zikhale pansi, ndipo firiji iyende choimirira ndi kupumula maola angapo isanayatsidwe. Munthu mmodzi wamkulu akwere ndi katundu, wina atsale kudikira kufikira chomaliza chitatuluka. Ndalama, chiphaso cha unzika, masatifiketi ndi mabuku a kuchipatala zisalowe m'katoni ayi, zikhale m'chikwama cha m'manja mwa mwini wake.

Ochokera kumudzi ali ndi zina zoonjezera. Makala asakwezedwe pa lole, pakuti malamulo a zankhalango, amene anakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, aletsa kunyamula makala popanda chilolezo, ndipo pa zipata za apolisi monga cha ku Zalewa amasecha. Mbuzi kapena nkhumba siziyenda popanda kalata ya alangizi a ziweto, ndiponso pa nyumba ya lendi sizidzapeza khola.

Pali mapepala awiri amene ambiri akumbukira atafika kale. Loyamba ndi kalata ya transifa ya ana, yochokera kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yakale. Popanda iyo mwana angakhale pakhomo masabata angapo anzake akuphunzira. Lachiwiri ndi la odwala amene alandira mankhwala nthawi ndi nthawi, monga a ma ARV, a chifuwa chachikulu, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi. Iwowa apite ku chipatala chao asanasamuke, akanene kumene akupita, kuti awalembere kalata yosamutsira ku chipatala cha kufupi ndi nyumba yatsopano, ndi kuwapatsa mankhwala okwanira masiku a pakatipo.