Khungu Lolendewera ndi Maso a Anthu m'Makomboni a Harare

M'makomboni a Harare, kaya ndi ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku kapena Dzivarasekwa, kumene ana ndi zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito nthawi ya atsamunda akukhala mpaka lero, thupi la munthu silingasinthe anthu osaona. Nyumba n'zothinana, madzi amatungidwa pa mjigo umodzi, mu kombi anthu amakhala mopanikizana. Mayi wa zaka 45 akauzidwa ndi namwino wa pakiliniki ya khonsolo kuti BP yakwera, shuga wayamba, ndiye achepetse thupi, amayesetsa ndithu. Amachepetsa mitanda ya nsima, amasiya tiyi wothira masupuni anayi a shuga, kumsika amapita wapansi. Pakatha miyezi, diresi la kutchalitchi limakhwefuka, mawondo amasiya kuphwanya, koma akakweza manja kuti asenze ndowa, khungu la kunsi kwa mkono limalendewera n'kumagwedezeka. Mnzake wa pamzere wa pa mjigo amaliyang'ana n'kufunsa chapansipansi, "Amayi, kwagwanji kodi? Simukudwala inu?" Funso lokhalo n'lokwanira kubwezera munthu ku kadyedwe kakale. Ine ndikuona kuti mantha a khungu lolendewera aposa msinkhu wa vuto lenilenilo, ndipo amene akulipira mtengo wa manthawa ndi anthu amene moyo wawo ukudalira kuti achepetse thupi.

Khungu lili ndi timitsempha ta mitundu iwiri m'kati mwake. Wina ndi collagen, amene amalilimbitsa, winayo ndi elastin, amene amalithandiza kutamuka n'kubwerera m'malo. Munthu akamanenepa, mafuta amaunjikana kunsi kwa khungu ndipo khungulo limakula kuti liwaphimbe. Likakhala lotamuka zaka zambiri, timitsempha tija timaduka ndi kufooka, ngati lasitiki wa kabudula amene wavalidwa mothina mpaka kutha mphamvu. Mafuta akachoka, khungu limabwerera, koma osati lonse ndiponso osati msanga. Zimatengera kuchuluka kwa makilogalamu amene achoka, zaka zimene munthu anakhala wonenepa, msinkhu wake, kusuta fodya, mimba zimene mayi anatengapo komanso chibadwa cha kumtundu. Collagen amachepa pang'onopang'ono munthu akamakula, n'chifukwa chake mtsikana wa zaka 25 khungu lake limabwerera bwino kuposa la mayi ake. Kubwererako kumapitirira kwa chaka chathunthu kapena ziwiri sikelo itasiya kutsika, choncho zimene munthu akuona pagalasi mwezi wachitatu si mmene adzakhalire.

Funso lofunika ndi lakuti munthu ayenera kutaya makilogalamu angati kuti thanzi lake lisinthe, ndipo yankho lake ndi laling'ono kuposa mmene ambiri amaganizira. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatenga anthu amene anali pafupi kudwala shuga n'kuwalimbikitsa kuchepetsa thupi ndi 7 peresenti yokha komanso kuyenda kapena kuchita masewera mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, 7 peresenti ndi makilogalamu 6 ndi pang'ono. Ku Britain, kafukufuku wa DiRECT wa mu 2017 anapeza kuti mwa odwala shuga amene anali asanakhale nawo zaka zambiri, 86 peresenti ya amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposerapo shuga wawo anabwerera m'chimake popanda mankhwala pakutha pa chaka. Kutaya makilogalamu 6, 10 kapena 15 kungasiye khungu lofewerapo pamimba ndi m'mikono, makamaka kwa achikulire, koma sikubweretsa khungu lofika pantchafu limene anthu amaliona pafoni. Zithunzi za pa Facebook ndi TikTok zimenezo nthawi zambiri ndi za anthu amene anataya makilogalamu 40 kapena 50, ambiri atachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Munthu wa ku Glen Norah amene wangouzidwa kuti achepetse buledi ndi zakumwa zotsekemera akudziopseza ndi thupi limene sadzakhala nalo.

Komabe si foni yokha yabzala manthawa, ndipo kuwapeputsa kungakhale kusalemekeza zimene makomboniwa anadutsamo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'Zimbabwe anali ndi HIV, ndipo mankhwala kunalibe. Anthu ankaona mnansi wawo akuwonda mwezi ndi mwezi, masaya akulowa, lamba akubooledwa mabowo atsopano, khungu likukhwinyata pamafupa, kenaka mahema a maliro n'kuimikidwa pakhomo. Boma litayamba kupereka ma ARV mu 2004, mankhwala oyambawo analinso ndi chizindikiro chawochawo: stavudine ankasungunula mafuta a kumaso, m'mikono ndi m'matako, mpaka bungwe la WHO linalangiza mayiko kuti awasiye. Mu 2008 kunabweranso njala, masitolo ali mbee, ndalama zitasanduka mapepala, anthu ogwira ntchito n'kumawonda ngati odwala. Aliyense wopitirira zaka 35 ku Mbare kapena ku Tafara anakula akudziwa kuti kuwonda kumatsogolera maliro kapena kumaulula umphawi. Pamenepa m'pamene mawu akuti "mwanenepa bwino" amapezera mphamvu yake ngati chiyamiko, ndipo khungu lolendewera limaoneka ngati umboni wa chinthu chimene banja likubisa.

Maso amenewa anatsalira m'nthawi imene inapita. Kafukufuku wa ZIMPHIA wa mu 2020 anapeza kuti akuluakulu amene ali ndi HIV anali 12.9 peresenti, ndipo mu 2023 bungwe la UNAIDS linatchula Zimbabwe pakati pa mayiko ochepa amene anakwaniritsa zolinga za 95-95-95, kutanthauza kuti ochuluka kwambiri mwa amene ali ndi kachilomboka akudziwa, akumwa mankhwala ndipo kachilomboko kagonja m'magazi mwawo. Kuyambira cha mu 2019 ambiri akumwa mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg anasonyeza chaka chomwecho kuti omwa mankhwalawa amakonda kunenepa, makamaka amayi. Lero munthu amene ali ndi HIV akhoza kukhala wonenepa kwambiri pamzere wonse wa pa mjigo, woondayo alibe kachilombo. Vuto limene likukula ndi lina. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2015 anapeza kuti amayi 35 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyezo, ndipo m'matauni anali pafupifupi theka. Pamene zili choncho, m'misewu mukugulitsidwabe mobisa mapiritsi otchedwa Apetito, amene ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene atsikana amamwa kuti azimva njala n'kukulitsa mbina. Anthu akuthawa mdani amene anagonjetsedwa kwambiri n'kumathamangira kwa shuga ndi BP, amene akudula anthu miyendo ndi kuwapha ziwalo.

Wina anganene kuti funso lija la pa mjigo lili ndi ntchito yake, chifukwa kuwonda kumakhaladi chizindikiro cha matenda. Izi n'zoona, ndipo n'zofunika kuzinena momveka. Munthu amene akuwonda asanasinthe kadyedwe kapena kayendedwe, makamaka ngati wataya kilogalamu imodzi mwa 20 zilizonse za thupi lake m'miyezi 6 mpaka 12, apite kukiliniki sabata yomweyo. Chifuwa chachikulu chimawondetsa, HIV yosalandira mankhwala imawondetsa, khansa ndi matenda a chithokomiro nawonso, ndipo shuga yemweyo akakwera kwambiri amasungunula thupi munthu akumva ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse. Koma chimene chimasiyanitsa kuwonda kwa matenda ndi kuchepetsa thupi mwadala ndi kuyezetsa magazi ndi makhololo, osati kuyang'ana mkono wa munthu. Mnansi wodera nkhawa moona mtima amapita kunyumba n'kukafunsa mwaulemu anthu ali awiri. Wofunsira pagulu sathandiza wodwala kupita kuchipatala, amangophunzitsa wina aliyense amene akumva kuti kuwonda n'kochititsa manyazi, ndipo wodwala weniweni amayamba kuvala majuzi awiri kuti abisale.

Pali ena amene anatayadi thupi lochuluka, ndipo kwa iwo nkhaniyi si ya maonekedwe okha. Khungu la pamimba likapindikira pansi, kapena la kunsi kwa mabere ndi m'mphechepeche likamakhudzana, thukuta limakhazikika m'mapindiromo. M'mwezi wa October, nyumba ya malata itatentha, malowo amafiira, amanyerenyetsa, amasupuka, nthawi zina amatulutsa fungo, chifukwa fangasi amakonda pofunda ndi ponyowa. Kwa wodwala shuga zimavuta kwambiri popeza zilonda zake zimachedwa kupola. Malangizo akuti munthu azisamba kawiri patsiku ndi osavuta kulemba, koma ku Mabvuku ndi Tafara mipopi yakhala youma zaka zambiri ndipo ndowa iliyonse yachita kusenzedwa. Mwayi wake ngwakuti chofunika kwambiri si madzi ochuluka koma kuumitsa. Kapu imodzi ya madzi ndi sopo wamba zikwanira kutsuka m'mapindiro, kenaka kukweza khungulo ndi dzanja n'kupukuta modinda mpaka pauma gwa, n'kuikapo kansalu kathonje kochapa, ngakhale kodula ku chitenje chakale, kosinthidwa kakanyowa. Zovala zamkati za nayiloni zimasunga thukuta. Pakafiira pamafunika kirimu wopha fangasi monga clotrimazole, osati makirimu oyeretsa khungu a pamsika amene ambiri amakhala ndi ma steroid, chifukwa amenewo amapyapyalitsa khungu n'kulola fangasi kufalikira.

Pamene pali manyazi pamabweranso amalonda. Pa WhatsApp ndi m'matebulo a m'tauni pali mafuta akuti amakoka khungu, malamba omanga pamimba ndi tiyi wochepetsa thupi. Mafuta opaka amafewetsa pamwamba pokha, safika pamene pali timitsempha toduka tija. Lamba amagwira khungu kuti lisagwedezeke munthu akamayenda, ndipo imeneyo ndi ntchito yabwino kwa amene amavutika nako kugwedezekako, koma akavulidwa khungu limakhala mmene linalili, ndipo womangidwa tsiku lonse kukutentha amayambitsa zidzolo zomwe zija. Tiyi wambiri wa mtunduwu amangotsegula m'mimba. Zimene zimathandizadi sizigulidwa m'botolo. Kuchepetsa thupi pang'onopang'ono, theka la kilogalamu kapena imodzi pa sabata, kumateteza minofu kuti isathere limodzi ndi mafuta, ndipo minofuyo ndi imene imadzaza malo ena otsala kunsi kwa khungu. Minofu imafuna ntchito yolemerera, monga kunyamula zigubu, kudzuka ndi kukhala pampando mobwerezabwereza kapena kukankha khoma, ndiponso imafuna ndiwo zomanga thupi: nyemba, mazira, kapenta, mtedza, soya. Munthu amene amangodzimana chakudya n'kumagonera tiyi amataya minofu yambiri, ndiye amene amaoneka wodwala kwenikweni. Kusiya fodya kumathandizanso, pakuti utsi umawononga collagen.

Khungu lochuluka kwambiri limachoka ndi opaleshoni yokha, ndipo pamenepa sipafunika kunamizana. Madokotala amadula chikopa cholendeweracho n'kusoka, ndipo pamimba pamatsala chipsera chochokera m'chiuno mbali ina kukafika ina. Amafuna kuti thupi likhale litakhazikika pa sikelo imodzi kwa miyezi yosachepera 6, shuga ali wolamulirika, fodya atasiyidwa, ndipo mayi amene akufunabe kubereka amalangizidwa kudikira. Ife akhungu lakuda timakondanso kuchita zipsera zotupa zimene zimakula kupitirira bala, choncho amene anatupapo poboola makutu auze dokotala zimenezo asanagone pa tebulo. Mtengo wake kuzipatala zolipira sungafikirike kwa ogulitsa tomato ku Mbare Musika, ndipo a inshulansi ya zachipatala kawirikawiri amaiwerenga ngati yokongoletsa thupi. Apa ndikuona kuti pali kusalungama. Munthu amene khungu lake limamulepheretsa kuyenda ndipo limaola chaka chilichonse ali ndi vuto la chipatala, ndipo namwino kapena dokotala ayenera kulemba zilonda zimenezo m'buku lake ulendo uliwonse, kuti akatumizidwa kuchipatala chachikulu pakhale umboni woti sakufuna kukongola chabe.

Chotsutsa chovuta kwambiri kuyankha ndi cha m'chipinda chogona. Mayi amaopa kuti bambo a ana akaona mimba yamakwinya ayang'ana kwina, ndipo abambo nawonso, ngakhale sanena, amaleka kuvula malaya akamatsuka galimoto. Ziwerengero za kafukufuku sizichotsa mantha otere. Chimene chingachitike n'chakuti munthu asakumane nawo ali yekha ndiponso modzidzimuka. Namwino amene akunena kuti "amayi, chepetsani thupi" awonjezere mphindi imodzi yofotokoza makilogalamu angati amene akufunika, kuti khungu lidzafewa kwa kanthawi, kuti anthu adzafunsa, ndi mmene angawayankhire. Mwamuna kapena mkazi wa wodwalayo ayitanidwe ulendo umodzi kuti adzimvere yekha kuti kuwondaku ndi mankhwala amene achipatala alamula. Ndipo m'makiliniki ambiri a khonsolo muli kale malo okambirana zoterezi. Ntchito ya Friendship Bench, imene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, imaphunzitsa agogo a m'deralo kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumvetsera anthu olemedwa ndi maganizo. Agogo amenewa anaona zaka za maliro aja ndi maso awo, ndipo mawu awo amamveka m'mipingo ndi m'magulu a amayi kuposa chikwangwani chilichonse cha unduna. Anamwino oyeza BP ndi shuga atamawatumizira odwala amene ayamba kutsika pa sikelo, ndiponso agogowo atauzidwa mfundo zochepa za khungu zimene tafotokozazi, mayi wotaya makilogalamu 8 angakhale ndi womulimbikitsa pa ulendo wake wa mwezi ndi mwezi wokatenga mapiritsi, nthawi imene mafunso a anthu afika pomulemera.