Gofu ya ongosangalala ku Chongwe: ndodo, miyendo ndi wonyamula chikwama

Gofu ndi masewera omenya kampira ndi ndodo kuchokera pamalo oyambira mpaka kakalowe m'kadzenje kotambalala mamilimita 108 okha. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18, ndipo wopambana ndi amene wawamaliza onse atamenya kochepa kuposa anzake. M'boma la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, masewerawa amachitikira pa bwalo la Bonanza, kudera la Ngwerere, pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Bwalo la gofuli analikonza ndi Peter Matkovich, yemwenso anakonza la Leopard Rock ku Zimbabwe ndi la Pinnacle Point ku South Africa. Mu 2024 kunachitikira mpikisano wa Legends Tour, wa akatswiri a zaka 50 kupita m'tsogolo. Komabe masiku ambiri pachaka, amene amaponda udzu wa pamenepo si akatswiri. Ndi anthu apantchito ndi ochita malonda amene amaba maola angapo Loweruka kuti akamenye kampira, ndipo gofu yawo ili ndi nzeru zakezake.

Funso loyamba la munthu wotere limakhala la zida. Malamulo a masewerawa, amene amasungidwa ndi bungwe la R&A la ku St Andrews ku Scotland limodzi ndi la USGA la ku America, salola ndodo zoposa 14 m'chikwama. Lamuloli silionera nkhope. Ian Woosnam wa ku Wales, amene anapambana Zambia Open mu 1985 ndi Masters mu 1991, anali m'gulu la otsogola tsiku lomaliza la mpikisano wa Open mu 2001 pamene womunyamulira chikwama anazindikira kuti muli ndodo 15. Anamuwonjezera mamenyedwe awiri ngati chilango, ndipo chikho chinapita kwa David Duval. Wongosangalala, vuto lake ndi lina: mwa ndodo 14 zimene amanyamula, zimene amazidziwa bwino sizipitirira zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Woyamba kumene zimamukwanira ndodo zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri: imodzi yomenyera kutali, ma iron atatu kapena anayi, wedge yotulutsira kampira mumchenga, ndi putter yokankhira kampira m'dzenje.

Makampani opanga zida, monga Callaway, TaylorMade, Ping ndi Titleist, amatulutsa ndodo zatsopano pafupipafupi, iliyonse akuitamanda kuti imaponya kutali kuposa ya chaka chatha. Koma malamulo anaika kale malire. Mutu wa driver, ndodo yaikulu yoyambira, sungapitirire ma cc 460, ndipo ngakhale kufwamphuka kwa nkhope yake kuli ndi muyeso. Kampira sikalemera kuposa magalamu 45.93 ndipo sikachepa kuposa mamilimita 42.67. Ndiye kuti ndodo ya zaka zisanu zapitazo ndi ya chaka chino zimasiyana pang'ono kwambiri m'manja mwa munthu amene sagunda kampira pakati penipeni pa ndodo. Ku Zambia, kumene zida zonsezi zimachokera kunja ndipo mtengo wake umayendera dola, ndodo zogwiritsidwapo kale ntchito si zochititsa manyazi. Salaula wa gofu amamenya bwino lomwe. Chofunika kuyang'ana ndi mpini, ngati kulimba kwake kukugwirizana ndi mphamvu za womenya, ndiponso labala wa pogwirira, amene amauma n'kuyamba kuterera chifukwa cha dzuwa ndi thukuta. Ndalama yotsalayo ndi bwino ipite kwa mphunzitsi, popeza mmera m'poyamba: kagwiridwe kolakwika kakazolowereka, kamavuta kuchotsa.

Timipira nato tili chimodzimodzi. Todula timapangidwira akatswiri amene amatha kukazunguza kampira kuti kaime pomwe kagwera. Kwa amene amataya timipira titatu kapena tinayi m'madzi ndi m'tchire pa ulendo umodzi, kodula ndi kotchipa n'chimodzimodzi, tonse timamira mofanana.

Pali mwayi umodzi umene malo amapereka kwaulere. Dera la Lusaka ndi Chongwe lili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka, moti kampira kamauluka kutali kuposa ku Durban kapena ku Beira. M'chilimwe nthaka ikauma gwa, kampira kamagudubuzika mtunda wautali katagwa kale. Mvula ikayamba mu Novembala kamangoti tswii pomwe kagwera, nthawi zina n'kudzikwirira m'matope. Ndodo imene inakwanira pa dzenje lina mu Seputembala imaperewera pa dzenje lomwelo mu Januwale.

Zoterezi amazidziwa msanga ndi woyenda pansi, ndipo apa m'pamene pali mtsutso waukulu pakati pa osewera: kuyenda kapena kukwera kagalimoto ka gofu. Bwalo la maenje 18 limatalika makilomita pafupifupi asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma munthu wamba sayenda mowongoka. Amapatukira kumanzere kukafuna kampira kake, kumanja kukathandiza mnzake, ndipo pomaliza amakhala atayenda makilomita 8 mpaka 10 m'maola anayi. Kwa amene amakhala pampando mlungu wonse, n'kulowanso m'galimoto kukaima pamzere wa pa Great East Road, ulendo umenewu ndi mankhwala. Koma phindu lake si la thupi lokha. Woyenda amamva ndi mapazi ngati nthaka ili yofewa kapena youma, amaona kumene malo apendekera, amamva kumene mphepo ikuchokera, ndipo pofika pa kampira amakhala atasankha kale ndodo. Akamenya molakwika, mamita 150 oyenda amamupatsa nthawi yoti mtima ukhale pansi. Wokwera kagalimoto amafika pa kampira mkwiyo usanathe, n'kulakwitsanso kachiwiri.

Mtsutsowu unafika mpaka kukhothi lalikulu la ku America. Casey Martin, katswiri amene anabadwa ndi vuto la mitsempha ya magazi m'mwendo wamanja, anasumira bungwe la PGA Tour chifukwa chomukaniza kagalimoto. Jack Nicklaus ndi Arnold Palmer anaikira umboni kumbali ya bungwelo kuti kutopa ndi kuyenda ndi mbali ya mpikisano, koma mu 2001 oweruza asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi anagamula mokomera Martin. Chigamulocho n'chomveka. Kagalimoto kali ndi eni ake: okalamba, odwala mawondo, ndi aliyense amene wayamba masewera masana a mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kwa wamphamvu zake, kukwera n'kudzimana theka la zimene walipirira.

Ndiponso m'mabwalo a kuno woyenda sayenda yekha. Amakhala ndi caddie, womunyamulira chikwama, amene ntchito yake imaposa kunyamula. Caddie wozolowera bwalo amadziwa mtunda wa kuchokera pamtengo wakutiwakuti kukafika padzenje, amaona kumene kampira kalowera m'udzu wautali mwini wake akungoyang'ana kumwamba, ndipo pa kapinga wosalala wozungulira dzenje amatha kunena kuti kampira kakhotera mbali iti. Amadziwanso tchire loyenera kulowamo ndi ndodo patsogolo chifukwa cha njoka. Mlendo wonyozera malangizo ake amakumbutsa mwambi uja wakuti safunsa anadya phula. Malipiro a caddie amadalira maulendo amene wanyamula, choncho kagalimoto kalikonse kotuluka popanda iye ndi ndiwo zimene sizifika pakhomo pa munthu tsiku limenelo. Ku America ndi ku Ulaya caddie ndi wa olemera ndi akatswiri; kuno wosewera wamba akadali nawo mwayi umenewu, ndipo si wosewera nawo.

Chimene chimasunga anthu m'masewerawa kwa zaka zambiri ndi kawerengedwe kotchedwa handicap. Dzenje lililonse lili ndi par, chiwerengero cha mamenyedwe amene katswiri amayenera kulimalizira, kawirikawiri atatu, anayi kapena asanu. Wosewera wofooka amapatsidwa mamenyedwe owonjezera malinga ndi mmene wakhala akusewerera, ndipo kuyambira mu 2020 dziko lonse linayamba kutsata njira imodzi yowerengera, imene malire ake ndi 54. Motero gogo wa zaka 70 angagonjetse mdzukulu wake wamphamvu popanda womverana chisoni. M'mipikisano ya m'makalabu amakondanso kawerengedwe ka Stableford: mapointi awiri ukakwanitsa par, imodzi ukapitirira ndi kamodzi, atatu ukachepetsa ndi kamodzi. Dzenje likakanika, wosewera amangotola kampira n'kupita kutsogolo, tsiku lake osawonongeka.

Zina zonse ndi ulemu. Wosewera amadziwerengera yekha mamenyedwe, palibe woimbira mluzu. Amabwezera udzu umene wazula, amasalaza mchenga umene wapondamo, amakhala chete mnzake akamamenya, ndipo kampira kakalunjika kwa anthu amakuwa kuti "fore". Kampira kotayika amakafunafuna mphindi zitatu zokha, osati zisanu ngati 2019 isanafike. Mabingu akayamba m'dzinja palibe kukambirana, chifukwa munthu wogwira chitsulo pamtetete ndi nyambo ya mphezi.

Gofu ku Zambia inabwera ndi atsamunda ndi makampani a migodi, ndipo mpaka lero ndalama zolowera pabwalo zimatsekereza ambiri. M'boma ngati la Chongwe, kumene mtsinje wa Chongwe umaphwa zaka za chilala, kapinga wobiriwira mu Okutobala amadzutsa mafunso oyenera pa nkhani ya madzi. Koma kunena kuti ndi masewera a azungu kunatha kale. Kenneth Kaunda ankaikonda gofu ndipo ankaisewera pa bwalo la ku State House, ndipo Madalitso Muthiya anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kusewera mu US Open, ku Winged Foot mu 2006. Wofuna kuyesa safunika kudikira mpaka atagula chikwama chodzaza. Nyengo yabwino yoyambira ndi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti, m'mawa kukadali kozizira, ndipo maenje 9 oyenda pansi amatenga maola awiri okha.