Malo amagulitsidwa, dzina siligulitsidwa

Aliyense amene anayendapo pa Chinseu kapena pamsika wa Ndirande akudziwa kuti kumeneko malo ndi ndalama. Chipinda chimene dzana chinali chogonamo, lero ndi golosale kapena saluni, ndipo mwini wake akudyera lendi. Anthu anadzaza m'munsi mwa phirili potsata ntchito za m'mafakitale a ku Makata, ndipo chiyambire, wofuna malo samusowa womugulitsa.

Malonda a nyumba m'dziko muno ali ndi mbiri yake. M'chaka cha 1964 boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation kuti lizimanga nyumba zoti anthu azichita lendi kapena kugula. Chaka chomwecho kunabadwa New Building Society, imene inkabwereketsa ndalama zogulira kapena kumangira nyumba, ndipo m'chaka cha 2004 inasanduka banki ya NBS. Kampani ya MPICO, yomwe ili ndi nyumba za maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, inalowa pamsika wa masheya m'chaka cha 2007, ndipo ICON Properties inatsatira mu 2019. Kudzera m'masheya, ngakhale mphunzitsi angathe kukhala ndi kagawo ka nyumba yosanja.

Koma ndalama za banki zimayenda ndi mapepala. Banki isanapereke ngongole, imafuna chiphaso cha umwini wa malo ngati chikole, imatuma katswiri kukawerengera mtengo wa nyumbayo, kenaka imaona ngati lendi kapena malipiro a wobwerekayo angakwanitse kubweza ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Apa ndi pamene ambiri a ku Ndirande amagwera. Nyumba zambiri zinamangidwa pamalo amene anagulidwa ndi kalata yolemba pamanja pamaso pa mfumu ndi mboni. Nyumba yotero ingabweretse lendi mwezi ndi mwezi, koma kubanki siiyankhula. Mwini wake akapanikizika amathamangira kwa akatapila, ndipo ena nyumba zawo zinapitira komweko.

Pakati pa wogula ndi wogulitsa pamaima munthu wachitatu: ejenti, kapena dobadoba monga timanenera. Ntchitoyi ndi yolemekezeka ikagwiridwa moona. Koma ndani sanamvepo za poloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri? Kapena mayi wamasiye kudzidzimuka kuti achibale a malemu agulitsa nyumba imene iye ndi ana akugonamo? Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, Ndirande inali pakati pa madera amene analira maliro. Wogulitsa malo m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo kapena pamtsetse wa phiri, akudziwa kuopsa kwake koma osanena, amagulitsa ndi moyo wa mnzake womwe.

Inu ogula, safunsa anadya phula. Musanapereke khobidi, pitani ku khonsolo ya mzinda ndi ku ofesi ya zamalo mukafufuze mwini weniweni. Funsani oyandikana nawo, ndipo onani ngati mkazi ndi ana a wogulitsayo akuvomereza.

Inu ogulitsa ndi obwereketsa ndalama, tsiku lopuma ntchito mudzawerenga nyumba zimene zinadutsa m'manja mwanu, koma anthu adzawerenga zina. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kodi mungathe kudutsa pa Goliyo masana, n'kupereka moni kwa aliyense amene munamugulitsa malo, osazemba?